Mayi wa pa K200 anali phungu

Chipumireni ntchito ya uphunzitsi ndimakhala pa kaokala kanga kuno ku Ndirande, m'mbali mwa njira yotsikira ku Goliyo. Ndimagulitsa machesi, sopo, mchere ndi mafuta ophikira oyeza pa kabotolo. Ndalama imene imadutsa kwambiri m'manja mwanga ndi K200. Imabwera yofwifwa, yonunkha usipa, nthawi zina yomatidwa pakati. Uphunzitsi sutha m'magazi, choncho mwana akabwera kudzagula ndimakonda kumufunsa ndisanam'patse chenji: "Iwe, mayi ali pa ndalamayi ndani?" Ena amati ndi mkazi wa Kamuzu. Ena amati ndi Joyce Banda ali mtsikana. Mnyamata wina wa Fomu 3 anaiyang'anitsitsa, n'kuwerenga dzina lolembedwa pafupi ndi chithunzicho, Rose Lomathinda Chibambo, kenaka anandifunsa kuti, "Agogo, ndiye anatani mayi ameneyu?"

Sindinamukalipire. Ineyo ndinagwira choko zaka zoposa 30, ndipo theka loyamba la zaka zimenezo dzinali sindinalitchulepo m'kalasi ngakhale kamodzi. Silinkatchulidwa. Ndinangomuuza kuti atembenuze ndalamayo. Kuseri kwake kuli Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2010. Mayi Chibambo sanakhalemo m'nyumba imeneyo, yawo inali yakale ija ya ku Zomba, koma amene anakonza ndalamayi anaganiza bwino powaphatikiza ndi chithunzi chimenechi. Iwowa ndiwo anali mayi woyamba wa Chimalawi kukhala phungu, ndiponso woyamba kupatsidwa udindo m'boma pakati pa nduna. Dera lawo linali Mzimba South, kutali ndi kuno, koma ndale zawo zinakhwimira mu Blantyre muno, pakati pa amayi onga mayi anga.

Anabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba pa 8 Sepitembala 1928, m'banja la a Ziba. Dzina lakuti Lomathinda ndi la Chingoni, ndipo limanena za mwana wolanditsidwa kumanda. Mu 1947 anakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, mwana wa Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, uja analemba mbiri ya Angoni. Ntchito ya boma inawatengera ku Zomba, ndipo kumeneko mayiyu, ali kale pabanja, ankapita ku sukulu ya usiku kuti awonjezere maphunziro. Ine amene ndaona atsikana ambiri akusiyira sukulu pa Sitandade 7 chifukwa cha mimba, nkhani ya sukulu ya usikuyi imandigwira mtima kuposa zambiri zimene zinadza pambuyo pake.

Cha m'ma 1952 nkhani imene inali pakamwa pa aliyense inali ya chitaganya. Atsamunda ankafuna kumanga pamodzi Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, ndipo anthu a kuno, amene ambiri anali atagwirako ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo n'kudzionera okha mmene munthu wakuda ankakhalira kumeneko, sanafune n'kumva komwe. Amuna ogwira ntchito m'boma sankaloledwa kuchita ndale. Akazi awo lamulolo silinkawakhudza, koma panalibe amene ankaganiza kuti iwo angakhale ndi mawu pa nkhani yotere. Mayi Chibambo anayamba kuwasonkhanitsa amayiwo ku Zomba, ndipo apo ndi pamene panaphukira ligi ya amayi. Chitaganya chinakhazikitsidwabe mu 1953, chaka chomwe banjali linasamukira ku Blantyre. Atafika kuno analowa nthambi ya Nyasaland African Congress, chipani chimene a James Sangala, aja ali pa K100, anathandiza kuyambitsa mu 1944. Sipanatenge nthawi, anasankhidwa kukhala msungichuma wa nthambiyo. Taganizani, mayi wa zaka za m'ma 20, mlendo wochokera kumpoto, kupatsidwa thumba la chipani pakati pa abambo a mumzinda.

Mayi anga anafika ku Ndirande m'zaka zomwezo, kutsata bambo amene ankagwira ntchito ya ukalipentala m'tauni. Masiku amenewo Ndirande inali kunja kwa malire a tauni ya azungu. Kunalibe mipopi, kunalibe magetsi, anthu ankangomanga nyumba zadothi m'munsi mwa phiri n'kumalawirira wapansi kupita ku ntchito. Kongeresi inali yamphamvu kuno. Dzina la a Lawrence Makata, limene lero lili pa msewu ndi pa sukulu, ndi la mmodzi mwa atsogoleri ake. Mayi anga sankadziwa kuwerenga, ndipo mawu akuti chitaganya sakanatha kuwamasulira bwinobwino. Chimene ankachidziwa n'chakuti m'masitolo ena akuluakulu a m'tauni munthu wakuda sankalowa pakhomo. Ankaima panja, n'kumaloza pa kawindo nsalu imene akuifuna, osaigwira, osaiyeza. Ankadziwanso manyazi amene amayi oyembekezera ankawaona kuchipatala, kupimidwa ena akuonerera ngati alibe ulemu woti n'kusungidwa. Zinthu ziwirizi ndi zina mwa zimene ligi ya amayi inkamenyera, Mayi Chibambo ndi Mayi Vera Chirwa ali patsogolo. Apa ndi pamene pali luso lawo la ndale limene ine ndimalilemekeza: anatenga nkhani yaikulu ya ufulu wa dziko n'kuimangirira pa zinthu zimene mayi wa ku Ndirande ankakumana nazo Lolemba m'mawa. Mayi anga ankati ankapita ku misonkhano ija ali ndi ine kumsana, ndipo mpaka ukalamba wawo akamanena za mayiyu ankatsitsa mawu, n'kungoti "mayi uja wa ku Mzimba".

Dr Hastings Kamuzu Banda atatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, anapeza amayi ali kale gulu lolimba. Sanawayambitse ndi iye, ngakhale kuti ife tinakula tikuuzidwa choncho. Atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Kongeresi ku Nkhata Bay mwezi wotsatira, Mayi Chibambo anakhala m'komiti yaikulu ya chipani monga mtsogoleri wa amayi, pamodzi ndi anyamata amoto aja, Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza.

Kenaka kunadza 3 Malichi 1959. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la imejensi, ndipo m'bandakucha apolisi ndi asilikali anayamba kugogoda m'makomo. Kamuzu anatengedwa ku Limbe n'kukatsekeredwa ku Gweru. Anthu oposa 1,300 anamangidwa m'miyezi imeneyo, ambiri n'kusungidwa ku Kanjedza, pompano pa Limbe, ndipo oposa 50 anaphedwa, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Amuna awo a Mayi Chibambo anatengedwa. Mayiwo anali ndi pakati potopa, choncho anawasiya kaye. Atangobereka, pasanathe ndi sabata yomwe, anabwera kudzawatenga pamodzi ndi khandalo n'kukawatsekera ku ndende ya Zomba, kumene anakhala chaka chathunthu. Amene munaberekapo mukudziwa mmene thupi limakhalira m'masiku oyamba aja, pamene kwathu kuno mayi amakhala m'chikuta, anzake akumuphikira phala ndi kumutenthetsera madzi. Iwo chikuta chawo chinali chitolokosi, ana ena aang'ono atatsala kunyumba opanda mayi, opanda bambo. Pa 3 Malichi paliponse tikamakumbukira ofera dziko, ine ndimaganizanso za khanda limenelo.

Anatuluka mu 1960, n'kupeza kuti m'malo mwa Kongeresi yoletsedwa ija mwabadwa Malawi Congress Party, imene a Orton Chirwa anaitsogolera kuyambira mu 1959 podikira Kamuzu. Anabwerera pa ntchito yawo yosonkhanitsa amayi, tsopano m'dziko lonse. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Pamene mbendera yatsopano inkakwezedwa mu Julayi 1964 pa bwalo limene lero timalitcha Kamuzu Stadium, iwo anali phungu wa Mzimba South komanso wachiwiri kwa nduna, mayi yekhayo pakati pa abambo.

Pano ndiyenera kunena zoona, pakuti kutamanda kokha sikuthandiza mwana amene akufuna kudziwa. Mukandifunsa kuti ndikulozereni mlatho, sukulu kapena lamulo limene Mayi Chibambo anasiya monga phungu, ndilibe choloza. Nthawi yawo m'Nyumba ya Malamulo inali yaifupi zedi. Komanso iwo ndi anzawo aja sanali oyera mbee. Ndiwo anathandiza kumukweza Kamuzu pamwamba pa wina aliyense, kumuimbira ndi kumupatsa mphamvu zonse za chipani, poganiza kuti zithandiza kugwetsa chitaganya msanga. Pa chisankho cha mu Epulo 1964 aphungu onse 50 a chipanichi anadutsa popanda wopikisana nawo, ndipo ochepa amene anayesa kuyambitsa zipani zina anaona zakuda. Mtengo umene unadzawagwera anauthirira nawo okha.

Unawagwera patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu. Woyamba kuchoka anali Colin Cameron, loya wa ku Scotland amene mu 1961 anasankhidwa kuimira dera la Soche. Iye anatula pansi unduna pokana ganizo lomanga anthu popanda kuwazenga mlandu. Nduna zotsalazo zinali ndi madandaulo awo. Zinkati Kamuzu akulamula yekha ndipo akuzitcha "anyamata anga" pagulu. Zinkadana ndi ubwenzi wake ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Zinkafuna kuti alandire thandizo limene China inalonjeza. Zinkati ntchito zapamwamba m'boma zikuchedwa kuperekedwa kwa Amalawi, ndipo malipiro a ogwira ntchito m'boma afinyidwa potsatira lipoti la Skinner. Koma dandaulo limene linafika mpaka m'makhitchini a ku Ndirande linali la tiki, ndalama ya mapeni atatu imene boma linalamula kuti aliyense azilipira akapita ku chipatala cha boma. Ndinali ndi zaka 7, ndipo ndikukumbuka mayi anga akumanga tiki pa nsonga ya chitenje, mlongo wanga ali kumsana thupi lili moto, akung'ung'udza kuti ufulu uja tinkauvinira wayamba ndi kutilipiritsa. Tiki inali ndalama yeniyeni kwa mkazi wa kalipentala.

Pa 7 Sepitembala 1964 Kamuzu anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, ndipo pamodzi nawo anachotsanso Mayi Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo, Chipembere naye anachita chimodzimodzi atangobwerako ku Canada. Nyumba ya Malamulo inaitanidwa pa 8 ndi 9 Sepitembala kuti ivomereze kuti ikumukhulupirirabe Kamuzu. Tsiku loyambalo Mayi Chibambo ankakwanitsa zaka 36. Anakhala pa mipando yakumbuyo, ndipo itafika nthawi yawo anaimirira n'kudziteteza okha, kukana kuti sanachite chiwembu chilichonse, pamaso pa abambo amene ena a iwo anali asanalawepo ndende chifukwa cha dziko lino. Akanatha kukhala chete. Akanatha kugwada n'kupepesa, pakuti ena anatero ndipo anadya bwino zaka 30. Kwa ine, kuimirira kwa tsiku limenelo ndiye ntchito yaikulu imene anaigwira monga phungu.

Anaimitsidwa m'chipani, mpando wa uphungu unapita, ndipo mu 1965 iwo ndi banja lawo anathawira ku Zambia. Kumeneko anakhala zaka pafupifupi 30. Anzawo aja anatha mmodzimmodzi. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti kudzera cha ku Mwanza. Chipembere anamwalira ku America mu 1975. A Orton ndi Mayi Vera Chirwa anagwidwa mu Disembala 1981, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndende yomwe ija Mayi Chibambo anayamwitsiramo mwana. Kuno kumudzi onsewa tinkawatcha zigawenga. Ligi imene mayiyu anaimanga kuti amayi azilankhula inasanduka mbumba yovina pa bwalo la ndege. Inenso ndinavala nsalu ya nkhope ya Kamuzu n'kukwera lole kupita kukavina, ndinaimba nawo nyimbo zonyoza anthu amene sindinkawadziwa, ndipo mayi anga ankangondiyang'ana osanena kanthu. Anadzandiuza zonsezi itadutsa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene pakamwa pa anthu panamasuka.

Tsono ndikakhala pa okala panga n'kumamvetsera mmene timakambira za aphungu athu lero, mtima umandiwawa. Kuno ku Ndirande, ngakhalenso kwa abale anga ku Bangwe ndi ku Machinjiri, phungu wabwino ndi amene wagula bokosi pa maliro, watumiza galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi, walipirira mwana fizi. Pa maliro mwambo ukafika pa kulengeza chipepeso, makutu onse amadikira kumva kuti olemekezeka apereka zingati. Sindikunyoza umphawi wathu. Bambo a ana anga atamwalira ndinaona ndekha mmene bokosi limavutira kupeza, ndipo aliyense amene anandigwira mkono tsiku limenelo ndimamuthokoza mpaka lero. Koma sindinamvepo munthu pa mzere wa pa kiyosiki ya madzi akufunsa kuti phungu wathu analankhula chiyani pamene ankakambirana bajeti ya mankhwala, kapena anavota bwanji pa lamulo lakutilakuti.

Chonsecho ntchito imene malamulo a dziko amam'patsa phungu ndi imeneyo: kupanga malamulo, kuvomereza kapena kukana mmene boma likufuna kugwiritsira ntchito misonkho yathu, kufunsa nduna mafunso, ndi kunyamula mawu a anthu a m'dera lake kukawatula kumene zinthu zimagamulidwa. Ngalande zotsekeka, zinyalala za mumsika, misewu ya m'makwalala, zimenezo ndi za khansala ndi khonsolo ya mzinda. Kusokonekeraku kuli ndi pochokera. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, chifukwa chisankho chawo chinkangoimitsidwa, ndiye aliyense wokhala ndi vuto ankathamangira kwa phungu. M'zaka zomwezo, mu 2006, kunabwera thumba la chitukuko cha m'dera, lija timangoti CDF, ndipo phungu anayamba kuoneka ngati kapitawo wa zomangamanga. Ndiponso chingwe chimene tinali nacho chomukokera phungu anachidula kalekale. Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, koma aphungu eni ake analifafaniza mu 1995. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, komabe nyengo ya kampeni ikafika timaona ndi maso athu zimene zimatsika m'magalimoto. Inenso ndili ndi zitenje zitatu za anthu amene anadzaima pakhomo pano n'kunditcha mayi awo, ndipo sindinawaonenso.

Mvula ya Freddy itagumula phiri la Soche mu Malichi 2023 n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ambiri tinayamikira amene anabweretsa ufa ndi mabulangete m'misasa. Zinali zofunika. Koma funso lakuti n'chifukwa chiyani anthu osauka a mumzinda uno alibe malo ena omangapo koma m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje, limenelo ndi funso la m'Nyumba ya Malamulo, ndipo limafuna munthu wokonzeka kukwiyitsa akuluakulu a chipani chake chomwe. Ife a ku Ndirande tili pansi pa phiri lathu nafenso.

Za amayi m'nyumbayi ndingonena mwachidule. Pa chisankho cha 2014 amayi amene anapambana anali 32 okha pa mipando 193. Mu 2019 Mayi Catherine Gotani Hara, phungu wochokera ku Mzimba komweko, anakhala mayi woyamba kukhala Sipikala, patatha zaka 55 kuchokera pamene mayi mnzawo wa boma lomwelo anachotsedwa. Ulendo ulipo, koma ndi wa kamba. Ndipo ndimamva chisoni ndikaona kuti pa misonkhano ya zipani zonse malo a amayi akadali pansi, padzuwa, kutsogolo kwa nsanja, kudikira kuti ng'oma iyambe.

Mayi Chibambo anabwerera kumudzi mu 1994 n'kukhazikika ku Mzuzu.  Anadzipereka pa ntchito za mpingo ndi zothandiza ovutika, kuphatikizapo akaidi, pakuti ankadziwa mmene usiku wa m'ndende umatalikira. Kwa zaka zambiri dziko linkangowadutsa ngati mayi wamba wokalamba. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndiye anawakumbukira mu 2009, n'kutcha msewu wina wa ku Mzuzu dzina lawo, ndipo mu 2012 nkhope yawo inatuluka pa K200. Anamwalira pa 12 Januwale 2016 ku chipatala cha Mwaiwathu, mu Blantyre momwe muno mmene anayambira kusunga thumba la Kongeresi, ali ndi zaka 87. Anaikidwa ku Mzuzu, ku manda a ngwazi za dziko. Mwamwayi anasiya atafotokoza okha mbiri yawo kwa Dr Timwa Lipenga, amene anaisindikiza m'buku lotchedwa Lomathinda: Rose Chibambo Speaks mu 2019.

Mnyamata wa Fomu 3 uja anabweranso patapita masiku, n'kundiuza kuti anakafunsa ku laibulale ya kusukulu kwawo ndipo bukulo kulibe. Ndinamulonjeza kuti ndikalandira penshoni ndidzalifunafuna m'tauni, tidzawerengere limodzi pa benchi ya pa okala pano. Aphunzitsi anzanga amene mukadali m'kalasi, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Bangwe ndi kwina konse, inu palibe amene angakumangeni chifukwa chotchula dzinali monga zinalili kwa ife. Tulutsani K200 m'thumba, muikweze ana aione mbali zonse ziwiri, ndipo muwauze kuti mayiyu anali phungu wa Mzimba South, anachotsedwa pa udindo wa wachiwiri kwa nduna pa 7 Sepitembala 1964, ndipo Nyumba ya Malamulo itakumana anaimirira n'kulankhula.